Tsiku Limene Anafukula Sindiiwala

Mu ufumu wa Sitilakwa chinthu cha Mfumu sichiwonongeka. Chimapuma. Thirakitala ikaima pakati pa munda amati yapuma, ambulansi ikasowa matayala yapuma, ndipo chopumacho sachitaya kudzala ngati chinthu wamba. Amachiika m'manda mwaulemu, kwaya ikuimba, nduna zikusainira alawansi ya maliro. Manda ake ali kuseri kwa nyumba yachifumu, ndipo ndi malo okhawo m'dziko lonselo amene amakula chaka ndi chaka.

Choncho pamene kompyuta yaikulu ya ku Nyumba ya Chuma inatulutsa utsi pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa Mfumu Mpondamatiki Wachitatu, palibe anafunsa chimene chapsa. Aliyense ankadziwa kuti wina anazula kabokosi koteteza magetsi kuti alumikize firiji ya zakumwa za alendo, koma ku Sitilakwa munthu amadziwa ndi mtima, pakamwa ali phee. Kompyutayo, imene Mfumu inaitcha dzina loti Sindiiwala, anaiika Lolemba m'bokosi la mlombwa. Nduna ya Chuma, a Dyeratu, analira mpaka anthu awiri kuwagwira.

Ndaziona Katsala, mlembi wa padesiki yachitatu kuchokera pakhomo, sanalire nawo, ngakhale kuti iyeyo ndiye anali ndi chifukwa. Zaka ziwiri m'mbuyomo Mfumu inalamula kuti Sitilakwa likhale dziko lopanda pepala, ndipo malisiti onse a anthu anawaunjika pabwalo n'kuwatentha, ng'oma zikulira. Chiyambire tsiku limenelo, umboni woti munthu analipirapo kanthu kuboma unali m'mimba mwa Sindiiwala basi. Mmenemo munali dzina la mkulu wake, Dailesi, wogulitsa nyemba pamsika wa Tidzaona, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankapereka ndalama Lachisanu lililonse kuti adzakhale ndi benchi mumsika watsopano wa malata. Dailesi ndiye analera Ndaziona makolo awo atamwalira, ndipo sukulu yonse ya Ndaziona inatuluka m'thumba la nyemba. Mabenchiwo anali oti agawidwe Loweruka la sabata yomweyo. A Dyeratu anali atalengeza kale pamaliro paja, uku akupukuta misozi, kuti mabuku akapanda kupezeka, iwo adzagawa mabenchi kuchokera m'mutu mwawo.

Atachoka kumanda, Ndaziona anadzera kumsika. Anapeza Dailesi atakhala pachiguduli padzuwa, pambali pake pali Nangondo wa tomato, mnzake wa zaka zambiri. Kutsidya kwa msewu malata a msika watsopano anali waliwali.

"Ndiye mwaika?" anafunsa Dailesi.

"Taika, achemwali."

"Ndi dzina langa lomwe?"

"Musade nkhawa. Pali kope. Lachisanu lililonse zonse za m'kompyuta amazikopera pa kadisiki kena n'kukatsekera m'bokosi lachitsulo. Mawa tikatenga kopelo, tizibwezeretsa mukompyuta yatsopano, basi."

Nangondo anatembenuza tomato kuti mbali yovunda iyang'ane pansi. "Kope limenelo, iwe unaliona ndi maso ako?"

"Salola kuliona."

"Chimodzimodzi bambo a kunyumba kwanga. Ndimangomva kuti alipo."

Dailesi anaseka, n'kumuthirira mng'ono wake nyemba m'kapepala ka pulasitiki, ndalama n'kukana. "Iwe Ndazi, ine za makina sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinamaliza kulipira mwezi watha, ndipo msana wanga watopa ndi kukhala pansi. Ukaone dzina langa."

Tsopano kope la ku Sitilakwa silinali chinthu chamasewera. Linali ndi ofesi yakeyake, galimoto ziwiri, ndi Mlonda Wamkulu wa Kope, a Fulatira, amene anali mlamu wa Mfumu. Lachisanu lililonse masana a Fulatira ankavala magolovesi oyera, n'kulowa okha m'chipinda cha Sindiiwala, n'kutuluka atanyamula kadisiki pa pilo, asilikali anayi ali pambuyo, lipenga likulira. Bokosi lake linali la maloko atatu. Chimene sichinachitikepo m'zaka zonsezo ndi kuyesa kopelo kuti aone ngati likugwira. Mlembi wina anayerekeza kunena kuti mwina aziliyesa kamodzi pachaka, ndipo anamufunsa funso limodzi lokha: "Ukukayika Mfumu?" Lero akuwerenga mbuzi kuboma la Musabwere.

Lachiwiri m'mawa anatsekula bokosi. Mabwana onse a ku Nyumba ya Chuma anali ndi masatifiketi a maphunziro a makompyuta, ena asanu, ena khumi, olendewera pakhoma m'mafuremu. Koma itafika nthawi yokhala pampando, aliyense anakumbukira kuti waiwala magalasi kunyumba. Anaitana Ndaziona, amene analibe satifiketi chifukwa masiku a maphunzirowo ankamusiya kuti agwire ntchito.

Analumikiza kadisiki. Kompyuta yatsopano inangoti zii, kenako inatulutsa uthenga wofiira woti siikuona chilichonse. Ku Sitilakwa uthenga wotere sautchula kuti cholakwika, poti chipangizo cha Mfumu sichingaloze Mfumu chala. Lamulo limati ndi moni wofiira.

"Yatipatsa moni," anatero a Dyeratu, ataima kumbuyo kwake. "Yankhani, mayi."

Ndaziona anatembenuza kadisiki n'kupeza kuti pabowo polowa chingwe panali phula. Lachisanu lililonse ankadindapo chidindo chachifumu, ndipo phula linali litalowa mpaka mkati. Anazula phini pampango wake n'kuyamba kutokosa, nduna zitatu zikuyang'ana kudenga kuti zisadzakhale mboni. Atalumikizanso, kadisiki kanaoneka, koma kanafuna mawu achinsinsi. A Fulatira anati mawuwo anawalemba papepala, ndipo pepalalo, monga nzika yomvera, analiponya pamoto tsiku lija. Anayesa mayina onse otamandira Mfumu, Mkango wa Kumapiri, Mvula ya Amasiye, Mwini Dzuwa, ndipo lililonse linabweza moni wofiira. Potsiriza Ndaziona, atatopa, anangolemba manambala anayi oyamba amene mwana amaphunzira kusukulu ya mkaka. Kanatseguka.

Apa mtima wake unayamba wakhala pansi, koma sunakhalitse. Mukadisikimo munali tizithunzi mazana atatu ndi khumi ndi tiwiri, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, kalikonse kali ndi kamuvi pangodya. Tonse pamodzi sitinkalemera ngakhale ngati kalata imodzi. Anadina kamodzi. Moni wofiira unati chimene kachithunzika kakuloza kulibe. Anadina kena, yankho lomwelo. Ndaziona anazindikira chimene chinachitika, ndipo anazindikiranso kuti wochinena adzakhala iyeyo.

"Bwana Fulatira," anafunsa motsitsa mawu, "Lachisanu lija mumatani kwenikweni mukalowa?"

"Ndimagwira kachithunzi ka mabuku a chuma kali pagalasi la kompyutapo, n'kukakokera kudisiki. Ntchito ya kamphindi. Amene analipo ine ndisanabwere ankatha maola awiri. N'chifukwa chake ndinalandira mendulo ya changu."

Lachitatu nkhaniyi inapita ku Bwalo la Nduna. Mfumu Mpondamatiki inakhala pampando wake wa zikopa, mapazi ali pa kapeti, maso ali theka. Ndaziona anagwada pakati pa bwalo n'kufotokoza mmene akanathera.

"Zikomo, Mwinidziko. Kachithunzi kaja si mabuku ayi. Ndi chikwangwani choloza kumene kuli mabuku. Zili ngati munthu amene anatumidwa kusunga chimanga, iye n'kumasunga kathabwa kolembedwa kuti nkhokwe ili uko."

"Ndiye nkhokweyo ili kuti?" inafunsa Mfumu.

"Tinaika Lolemba, Mwinidziko."

Aliyense anaba diso kuyang'ana a Fulatira, kenako anakumbukira kuti mlongo wawo ndi ndani, n'kubweza diso. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nduna ya Chilungamo inadzuka n'kunena kuti, poona bwino, a Fulatira asunga zikwangwani mazana atatu popanda kutayapo n'chimodzi chomwe, ndipo zimenezi n'zofunika kuyamikira. Bwalo linaomba m'manja.

Ndaziona akanatha kukhala chete pamenepo n'kubwerera kudesiki yake ali wamtendere. Koma anaona m'maganizo chiguduli chija padzuwa, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Mwinidziko, ine ndikuganiza kuti chinapsa ndi cholandirira magetsi chokha. Disiki ya mkati mwa Sindiiwala iyenera kuti ili bwino. Titafukula, ndikhoza kuichotsa."

A Dyeratu anadzuka ngati apondedwa pachilonda. Anayankhula mphindi makumi anayi. Anati kufukula wopuma ndi malodza, mvula idzathawa, ana adzabadwa ndi mano. Anati Sindiiwala anagwira ntchito usana ndi usiku osapempha tchuthi, ndiye lero kamlembi kopanda satifiketi kakufuna kumudzutsa. Anati iwo monga nduna ali ndi mutu wabwino, ndipo mayina onse a amayi a kumsika akuwakumbukira ngati ana awo. Nduna zina zinavomereza ndi mtima wonse, pakuti aliyense anali ndi chake chimene ankafuna kuti chipitirize kupuma.

Mfumu inayasamula. "Mtsikana iwe, mulinso chiyani mmenemo kupatula manambala?"

Ndaziona anaganiza msanga. Anakumbukira kuti chiyambire tsiku la utsi lija, Mfumu inali itayankhula kanayi, potsekula mjigo, pamaliro, polandira kazembe ndi paukwati, ndipo konseko inanena mawu amodzimodzi otsekulira mjigo.

"Muli zoyankhula zanu zonse, Mwinidziko. Za zaka zisanu ndi chimodzi."

Maso a Mfumu anatseguka onse awiri. Lamulo linatuluka nthawi yomweyo, ndipo mlembi wa bwalo analiloweza pamtima poti pepala kunalibe: Sindiiwala sakufukulidwa, koma akuitanidwa kuti adzapereke malonje, ndipo aliyense wotchula mawu oti kufukula adzapita ku Musabwere.

Lachinayi dzuwa litakwera, adzukulu anafika ndi makasu awo. Mkulu wawo, bambo wa imvi wosathamanga pa chilichonse, anayamba wafuna nkhuku yamwambo, ndipo atailandira analavulira m'manja.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikukwirira katundu wa boma," anauza Ndaziona uku akukumba. "Aka n'koyamba boma kubwera kudzafuna chinthu chake. Mukachipeza chamoyo mundiuze, mayi. Pali thirakitala apo imene inangotha mafuta."

Bokosi la mlombwa linali lolimba kuposa nyumba zambiri za ku Tidzaona, moti mkati munali mouma. Ndaziona anamasula Sindiiwala ndi sikuludiraiva yobwereka kwa wokonza njinga, nachotsa disiki, naikulunga m'chitenje. Kwaya inaimba nyimbo imodzi, nduna zinasainira alawansi ya malonje.

Kuofesi anamusiya yekha, chifukwa palibe bwana ankafuna kukhala pafupi ndi chinthu chochokera kumanda. Analumikiza disikiyo kukompyuta yatsopano, ndipo atamva ikulira pang'onopang'ono mkati, misozi inalengeza m'maso mwake. Mabuku analimo, athunthu, olemera. Koma pulogalamu ya zachuma inakana kuwatsekula. Moni wofiira unati mabukuwa analembedwa ndi pulogalamu yakale, ndipo yatsopanoyi siiwadziwa. Sidi ya pulogalamu yakale anaisaka m'makabati onse, mpaka anakaipeza ikulendewera pagalasi la galimoto ya a Fulatira, pomwe dalaivala anaipachika chifukwa imanyezimira. Anaipukuta ndi malaya, naiika, ndipo inagwira.

Moni wotsatira unamuimitsa mutu. Unati mabukuwa ndi ochokera m'tsogolo. Anawerenga katatu. Kenako anayang'ana pangodya pa galasi pomwe pamakhala deti, n'kuseka yekha kuseka kowawa. Mfumu itakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi inalamula kuti chaka chiime pomwepo, ndipo chiyambire nthawiyo Sitilakwa wakhala akukondwerera chaka chimodzimodzi kanayi. Amene anabweretsa kompyuta yatsopano anaitchera pa chaka cha Mfumu. Sindiiwala yekha, poti palibe ankadziwa pomusinthira, ndiye ankawerenga masiku monga amawerengera dzuwa. Ndaziona anayang'ana kukhomo, anayang'ana kuwindo, n'kulemba chaka chenicheni. Mlandu umenewo ndi wa zaka zisanu kundende, ngakhale kuti ku Sitilakwa palibe amadziwa kuti zaka zisanu zimatha liti.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Kanayenda, kanaima pakati mpaka iye anayamba kupemphera, kanayendanso, n'kufika kumapeto. Mabuku anatseguka.

Sanayambe ndi zoyankhula za Mfumu. Analemba dzina la Dailesi Katsala, ndipo linabwera: Lachisanu ndi Lachisanu, osadumpha ngakhale sabata imene anagonekedwa kuchipatala, ndipo pansi pake mawu oti wamaliza. Ndaziona anagwira pakamwa. Anali asanakondwepo chotero chiyambire ntchito.

Akanalekera pomwepo. Koma mlembi ndi mlembi, diso lake limatsika lokha mpaka pansi pa tsamba. Amayi amene anamaliza kulipira anali mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi. Mabenchi amene anamangidwa anali makumi asanu ndi atatu. Ndalama za mabenchi enawo zinatuluka mwezi ndi mwezi kudzera pamzere umodzi wotchedwa Zina ndi Zina, ndipo wovomereza anali munthu mmodzi.

"Mwapeza, mayi?"

A Dyeratu anali ataima pakhomo, okha, opanda wowanyamulira chikwama. Anatseka chitseko bwinobwino, anakoka mpando, n'kukhala pambali pake ngati malume odzacheza. Anayang'ana pagalasi nthawi yaitali. Sanakalipe. Ndaziona akanakonda akanakalipa.

"Ntchito mwaigwira," anatero. "Tsopano tiyeni tiwerenge limodzi, poti inu ndi ine ndife anthu a manambala. Mukapita nazo izi kubwalo mawa, chichitike n'chiyani? Mfumu ikhazikitsa komiti yofufuza. Wapampando wa komitiyo mukumudziwa?"

A Dyeratu anadziloza pachifuwa.

"Ndine. Msika utsekedwa mpaka komiti idzamalize, ndipo komiti ya mlatho uja ili m'chaka chachisanu ndi chinayi. Inu mupita kundende chifukwa cha deti ili pangodyayo, ndaiona. Mkulu wanu akhalabe pansi. Dailesi, eti? Wa nyemba. Mwaona, ndinanena kuti ndimakumbukira."

"Analipira, bwana. Onsewa analipira."

"Ndani akukana? Koma mabenchi ndi makumi asanu ndi atatu, ndipo ngakhale mutalira magazi sakhala makumi asanu ndi anayi. Pa mndandanda wanuwo mkulu wanu ndi wa nambala mazana anayi ndi kanthu. Ngakhale titatsata chilungamo chimene mukuchifunacho, benchi saiona. M'mutu mwangamu ndi wachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi geti, pomwe pamadutsa aliyense." Anaweramira kwa iye. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Mutulutse zoyankhula za Mfumu. Zinazi munene kuti zinadyedwa."

"Zinadyedwa ndi chiyani?"

"Zakhala pansi pa nthaka masiku atatu. Musandiphunzitse ntchito ya chiswe."

Atatuluka, Ndaziona anakhala akuyang'ana mayina aja. Anawadziwa ambiri. Anaona la Nangondo, amene anamaliza kulipira miyezi isanu ndi itatu Dailesi asanamalize, wa nambala makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri, woti mwachilungamo benchi inali yake. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo anawerengetsa njira zonse monga anaphunzitsidwira, koma yankho linkabwera limodzimodzi: njira ina ikupatsa mkulu wake benchi, inayo siikupatsa aliyense kanthu. Anadziuza kuti sakuba, akungobweza ngongole ya sukulu. Munthu akafuna kudzinamiza sasowa mawu abwino. Anakopera zoyankhula za Mfumu pa kadisiki, ndipo disiki ya Sindiiwala anakaipereka m'manja mwa a Dyeratu, ili m'chitenje chomwe chija.

Lachisanu wolengeza wa Mfumu anafika pamsika wa Tidzaona ndi chimkuzamawu.

"Tamverani, anthu a Sitilakwa. Sindiiwala wapereka malonje. Chiswe chinalowa m'bokosi n'kudya manambala onse, koma chitafika pa mawu a Mwinidziko chinachita mantha n'kubwerera. Zoyankhula zonse zapezeka zamoyo, ndipo ziziulutsidwa pawailesi m'mawa ndi madzulo. Chiswe chapatsidwa chenjezo lomaliza. Mabenchi agawidwa mawa kuchokera m'mutu mwa Olemekezeka a Dyeratu."

Amayi anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Chiswe chophunzira," anatero wogulitsa makala. "Chimasiyanitsa nambala ndi chilembo."

"Si mantha amenewo," anayankha wa mandasi. "Chinalawa n'kuona kuti mulibe chakudya."

Loweruka a Dyeratu anaima pageti la msika watsopano, anatseka maso, n'kuyamba kukumbukira. Anakumbukira akazi awo awiri, apongozi awo, alongo a nduna zinzawo, ndi mayi wina wa salunu amene sanagulitsepo ngakhale tsabola. Pa nambala yachisanu ndi chiwiri anakumbukira Dailesi Katsala, ndipo anatchula dzinalo mokweza, kawiri, kuti anthu aone kuti wosauka naye amakumbukiridwa. Amayi mazana asanu ndi kanthu anatembenuka onse kuyang'ana Dailesi. Tsiku lomwelo kunamvekanso kuti a Fulatira akwezedwa kukhala kazembe, ndipo udindo wa Mlonda Wamkulu wa Kope waperekedwa kwa mayi Ndaziona Katsala, pamodzi ndi galimoto imodzi mwa ziwiri zija.

Ndaziona sanapite kogawako. Anadikira mpaka Lolemba masana, nauza dalaivala kuti aime patali, nalowa mumsika watsopano wapansi. Munali mthunzi wabwino, simenti yosalala. Benchi yachisanu ndi chiwiri inali pafupi ndi geti monga analonjezera, yopakidwa utoto wobiriwira, dzina la Dailesi litalembedwa bwino. Panalibe munthu, panalibe nyemba.

Anawoloka msewu. Dailesi anali pachiguduli chake padzuwa, Nangondo pambali pake, ndipo amayi ena onse anali m'malo awo akale. Atamuona akubwera, macheza anazima mzere wonse.

"Achemwali, benchi yanu ili apo. Bwanji mwakhala pansi?"

Dailesi anapitiriza kusankha nyemba, kuchotsa zofumbwa n'kuziponya kumbali. "Ndikufunse, Ndazi. Chisanafike chiswe chija, unaliona dzina langa?"

Ndaziona anayang'ana uku ndi uku. Anthu anali tcheru. Anayankha ndi mawu apansi. "Ndinaliona."

"Ndinamaliza?"

"Munamaliza. Simunadumphe n'kamodzi komwe."

"La Nangondo unaliona?"

Nangondo sanadzutse mutu. Ankapanga milu ya tomato, anayi pansi, mmodzi pamwamba.

"Ndinaliona."

"Anamaliza?"

"Anamaliza." Ndaziona anayang'ana pansi. "Kale kuposa inu."

Dailesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekezera.

"Achemwali, mvetsani. Mabenchi ndi ochepa. Ndikanati ndinene zoona, inu simukanapeza, iwonso sakanapeza, msika akanautseka. Ndinachitira inu. Msana wanu..."

"Msana wanga ndi wanga," anatero Dailesi. "Ukanabwera kudzandifunsa. Pamsika pano si patali, unkafika masiku onse pamene unalibe galimoto. Ife tikanadziwa kuti mayina athu alipo, tikanadziwa chochita nawo, kaya kukagona pageti la Mfumu, kaya kungolira, koma tikanalira tikudziwa kuti sitinalote. Lero mayi uyu akauza ana ake kuti analipira, umboni wake ndi chiswe. Ndiye ine ndikakhale pamthunzi apo, ndizimuyang'ana kutsidya kuno?"

Ndaziona anafuna kugwada pachigudulipo monga ankachitira ali mwana, kuti mkulu wake amukalipire, amutukwane, kenako amupatse ntchito yosankha nyemba. Anadikira. Kukalipa sikunabwere. Dailesi anapukuta manja pachitenje, anatenga kambale koyezera, n'kudzutsa maso. Anamuyang'ana mwaulemu, ndi nkhope imene amalandirira nayo anthu otsika m'galimoto.

"Kambale ndi faifi handiredi," anatero. "Muthiridwe zingati, bwana?"